Ana a mumtengo wa mango: lipoti la momwe katimu kathu kanapezera ochemerera atsopano

Ndine mlembi wa katimu ka mpira wamiyendo komwe kamasewera mu ligi ya m'chigawo chapakati, kumunsi kwa Super League. Dzina lake sinditchula, chifukwa zina mwa zomwe ndifotokoze pano n'zochititsa manyazi, ndipo amene anazichita ndimakumana nawo pamsika tsiku ndi tsiku. Mmodzi mwa iwo ndine ndemwe. Lipotili ndinalembera komiti yathu, koma anzathu a matimu ena akhala akundifunsa kumisonkhano kuti ana amene amadzaza bwalo lathu tinawatenga kuti, ndiye ndati ndilitambasule kuti aliyense adziwerengere.

Bwalo lomwe timasewerera ndi la pasukulu ya pulayimale, timachita kubwereka. Mpanda wa njerwa palibe. Tsiku la masewero timazika mitengo m'mawa n'kukulunga masaka ndi mphasa kuzungulira, kusiya khomo limodzi pomwe amsungichuma amakhala ndi tebulo ndi chikwama chawo. Kuseri kwa golo la kumadzulo, kunja kwa mpandawo, kuli mtengo waukulu wa mango.

Kwa zaka zingapo ndalama za pakhomo zinkangotsika. Pamsonkhano uliwonse tinkaloza chala umphawi, mvula, kapena kochi. Loweruka lina ndinasiyira mnzanga kope la malisiti n'kukaima pakona, maso osati pa mpira koma pa nkhope za amene abwera. Ndinaona imvi, zipewa za madala, ndi njinga zakapalasa zotsamira mpanda. Anali anthu omwewo amene anaiona timuyi ikubadwa, ndipo ndinakumbukira kuti zaka zimenezo komiti yathu inkapita kumaliro a masapota kawirikawiri kuposa kumaukwati awo. Kalembera wa 2018 anapeza kuti m'Malawi muno tinalipo anthu 17.5 miliyoni, ndipo pafupifupi theka anali osakwana zaka 18. Paliponse pakachitika kanthu, kaya lole yagwa, kaya gule watuluka, oyamba kufika ndi ana. Mkati mwa mpanda wathu mokha ndi momwe munalibe.

Komiti inali nalo kale yankho: ana a masiku ano ndi a Arsenal. Ndipo si bodza kwenikweni. Pamsika pathu pali ma vidiyo sho okhala ndi jenereta ndi bolodi lolembedwa ndi choko pakhomo, lero Chelsea, mawa Liverpool. Mwana amalipira mtengo wa mandasi, n'kukhala pabenchi pamthunzi, chigoli n'kuchiona katatu kuchokera mbali zosiyanasiyana. Akatuluka mmenemo, wailesi ikumuuza za Maule, Manoma ndi Silver. Ife tinali ndi chiyani? Fumbi, dzuwa, ndi goloboyi wovala magolovesi osiyana mitundu. Inenso ndinkakhulupirira kuti nkhondoyi tinagonja kalekale.

Tsiku lomwelo, ndili pakona paja, ndinatembenuka n'kuyang'ana mtengo wa mango. Nthambi zinali zitawerama ndi ana. Ndinayenda kuzungulira mpanda ndipo ndinapeza kuti masaka athu ali ndi timabowo tambiri, tonse pa msinkhu wa m'chiuno mwa munthu wamkulu, ndipo pa kabowo kalikonse panali diso. Kenaka ndinakumana ndi anyamata awiri omwe tinkawapatsa ganyu masewero alionse, aliyense ndi chikoti chake, ntchito yawo kuthamangitsa ana amenewa. Mmodzi anali atagwira khutu la kamnyamata komwe kanalowa chokwawa pansi pa mphasa. Kanavala jezi yofiira ya pakaunjika, yosuluka, yofika m'mawondo.

Ndinati, "Iwe, umasapota timu yanji?"

"Arsenal."

"Nanga kuno ukudzatani?"

Kanandiyang'ana ngati ndafunsa zopusa. "Achimwene akusewera nambala 11."

Ndinafufuza pambuyo pake. Sanali achimwene ake a bere limodzi, anali oyandikana nyumba chabe, amene nthawi zina amakatuma kukagula makala. Usiku umenewo ndinatsegula kope la ndalama n'kuwerengera zomwe tinalipira anyamata a zikoti aja pa sizoni yonse. Zinali ndalama zokwanira kugula mipira ingapo yabwino. Tinkadandaula kuti ana atithawa, pomwe ife eni ake tinkalemba anthu ntchito yowathamangitsa.

Mkangano wa pakhomo

Nditapereka ganizo loti ana azilowa ulere, amsungichuma anakana kwamtuwagalu, ndipo sindiwanyoza. Iwo ndi amene amadziwa ululu wa Lolemba. Oyimbira ayenera kulipidwa, apolisi ayenera kulandira kangachepe, laimu wojambulira mizere ndi wogula, galimoto yopita kumasewero a koyenda ndi yahayala, ndipo osewera akamaliza amafuna kadyedwe ndi sopo. "A mlembi," anatero, "mukanena kuti ana ulere, Loweruka likubwerali mudzaona abambo a ndevu atasanduka ana." Ndinawayankha kuti ana aja sanalipirepo ndi kale lomwe, choncho palibe tambala yomwe titaye, kupatula kuti ndalama ya zikoti itsala m'chikwama. Tinakokana misonkhano iwiri. Awapampando ndi amene anadula mlandu, anati tiyese mwezi umodzi.

Vuto loyamba linali lomwe amsungichuma ananena lija: mwana timudziwa bwanji? Chiphaso cha unzika munthu amalandira akafika zaka 16, ndipo palibe amene amayenda ndi kalata ya kusikelo. Wina anabweretsa nzeru yopingasa nsungwi pakhomo, kuti wodutsa pansi pake osawerama alowe ulere. Tinaseka, tinavomera, ndipo zinatichititsa manyazi. Anyamata a kabaza ankadutsa mawondo atapinda pang'ono, nkhope ili gwa. Mtsikana wina wa Sitandade 7, wamtali ngati amayi ake, anabwezedwa anzake onse atalowa, n'kubwerera kwawo akulira. Nsungwi ija tinaichotsa tsiku lomwelo.

Chomwe chinagwira ntchito ndi khadi. Tinadula makatoni, n'kudinda chidindo cha timu, ndipo aphunzitsi aakulu a sukulu zitatu zoyandikana nafe anavomera kuti makhadi azigawidwa m'kalasi. Pakhadipo pamalembedwa dzina la mwana ndi kalasi yake, ndipo kholo liyenera kusainira kapena kudinda chala. Mwana akafika pakhomo timaboola kabowo kamodzi m'mphepete. Poyamba ndinkaona ngati khadi ndi njira yotsekera akuluakulu achinyengo basi, koma linatipatsa zinthu zina ziwiri zomwe sindinaziganizire. Tinayamba kudziwa kuti ndi ana ati amene amabwerabwera ndi amene anangobwera kamodzi, komanso kholo lililonse linadziwa kumene mwana wake ali Loweruka masana. Ana amene sali pasukulu, oweta mbuzi ndi ogulitsa nzimbe, tinatsala pang'ono kuwaiwala. Anatikumbutsa ndi anyakwawa a mudzi wina, ndipo tsopano makhadi awo amadzera kwa mafumu.

Tsiku loyamba la makhadi ndi tsiku lomwe ndinachita mantha kwambiri chiyambireni ntchitoyi. Ana anabwera onse nthawi imodzi, mpira utatsala pang'ono kuyamba, ndipo khomo linali limodzi lomwe lija. Akumbuyo ankakankha, akutsogolo atapanikizika pa tebulo la amsungichuma, tebulo n'kugwa. Palibe anavulala, koma m'mutu mwanga munabwera za pa 6 Julaye 2017, pomwe anthu asanu ndi atatu, ambiri mwa iwo ana, anafa poponderezana pa zipata za Bingu National Stadium ku Lilongwe. Ngati zinachitika pa bwalo la zipata zambiri, kuli bwanji pa khomo la mphasa? Kuyambira pamenepo ana ali ndi khomo lawolawo mbali ina, limatsegulidwa ola lathunthu mpira usanayambe, ndipo pamaima akuluakulu awiri, mmodzi wamkazi. Anyamata a zikoti aja sitinawachotse ntchito. Tinawalanda zikoti n'kuwapatsa chingwe choti azitchingira malo a ana.

Zomwe amayi anatiuza

Masewero atatu oyamba ana anadzaza, ndipo komiti inayamba kudziguguda pachifuwa. Kenaka mabowo a pamakhadi anayamba kutiuza zina. Anyamata akuluakulupo ankabwerabe, koma ang'onoang'ono ndi atsikana anazimiririka. Ndinapempha aphunzitsi aakulu kuti andilole kukhala nawo pamsonkhano wa amayi amene amathandiza pasukulupo, ndipo ndinapita ndi mtima wokawalimbikitsa kuti azitumiza ana. Amene analankhula ndi iwo, ine ndinangomvera.

Mayi wina wachikulire anadikira kuti ndimalize, kenaka anati, "Abambo, inu muli ndi mwana wamkazi. Mungamutume kumalo komwe amuna akuluakulu amatchula zamaliseche kuyambira 2 koloko mpaka dzuwa kulowa?" Wina anati mwana wake wa Sitandade 3 anabwera kunyumba akuimba nyimbo yomwe iye sangaibwereze ngakhale pamaso pa amuna ake. Wina anatchula kachasu ndi chamba za kuseri kwa golo. Wina anatchula tsiku lomwe tinagenda woyimbira, n'kufunsa kuti mwala ukaponyedwa umasankha mutu wa ndani. Zonsezi ndinkazidziwa. Ndinali nditazizolowera mpaka kusiya kuzimva, monga mmene wokhala pafupi ndi chigayo samvera phokoso lake.

Apa ndi pamene ntchito inavuta, ndipo ndikufuna anzanga a matimu ena amvetse kuti kutsegula khomo ndi kophweka poyerekeza ndi izi. Otukwana aja sanali alendo. Anali masapota athu enieni, olipira pakhomo, oyenda nafe pa lole kupita kutali. Mtsogoleri wa gulu la ng'oma tinakhala naye pansi kangapo, ndipo iye sanavute. Anati nyimbo zonyoza timu ya adani zikhale, koma zotchula ziwalo ndi amayi a anthu zithe. Ogulitsa mowa tinawapempha kuti asamukire kunja, tsidya la msewu. Anang'ung'udza koma anasamuka, chifukwa bwalolo ndi la sukulu ndipo aphunzitsi aakulu anali kumbali yathu.

Amene anatigwiritsa njakata ndi bambo wina wamalonda yemwe kwa zaka zambiri ankatigulira mipira ndi kutithirira mafuta pa maulendo. Pakamwa pake ndi pamene pankatuluka zoopsa kwambiri, ndipo palibe wa komiti amene ankafuna kukhala woyamba kumuuza. Pomaliza awapampando anapita kunyumba kwake madzulo, atatengana ndi agulupu. Anawalandira bwino, anawaphikira tiyi, ndipo anamvetsera mpaka kumapeto. Loweruka lotsatira sanabwere, ndipo mafuta a ulendo wotsatira tinachita kusonkherana. Anakhala miyezi osaponda pa bwalo. Amsungichuma sanandinene, koma ankati akatsegula chikwama n'kundiyang'ana. Bamboyo anabwerera yekha tsiku lomwe mdzukulu wake anasankhidwa kukhala wotola mipira, ndipo pano amakhala chete kwambiri moti nthawi zina ndimamumvera chisoni. Thandizo lake silinabwerere pa mlingo wakale.

Nkhani ya nthawi

Za vidiyo sho sitinazinyalanyaze, koma tinasiya kuziona ngati temberero n'kuyamba kuziona ngati nkhani ya wotchi. Masewero ambiri a Loweruka ku England amayamba 3 koloko masana nthawi ya kumeneko. Kuno imakhala 4 koloko kuyambira kumapeto kwa Malichi mpaka kumapeto kwa Okutobala, ndipo 5 koloko miyezi inayo, chifukwa iwo amasintha wotchi pomwe ife sitisintha. Amene amatipweteka kwambiri ndi masewero awo oyambirira a hafu pasiti 12, omwe kuno amagwa hafu pasiti 1 kapena hafu pasiti 2, nthawi yomwe ifenso tikulowa m'bwalo. Kusuntha mpira wathu kuti uyambe mochedwa n'kosatheka, magetsi tilibe, ndipo m'miyezi yozizira dzuwa limalowa msanga. Lamulungu m'mawa anthu ali kutchalitchi. Ndandanda ya masewero sitipanga ndife, koma tinaona kuti tikapempha nthawi ikadalipo kuti masewero a pakhomo achoke Loweruka apite Lamulungu, kapena kuchoka Lamulungu kubwera Loweruka, nthawi zambiri zimatheka ngati timu inayo yavomera. Tsopano ndandanda yathu ikatuluka ndimaiika pambali pa ya ku England n'kuona pomwe zawombana.

Chachiwiri, ligi ya ku England imatha mu Meyi n'kuyambanso mu Ogasiti, pomwe yathu imakhala ili mkati. Juni ndi Julaye ndi miyezi yathu, ndipo zonse zofuna mphamvu timaziika mmenemo.

Chachitatu chinabwera mwangozi. Mwini vidiyo sho wina ndi mlamu wa kochi wathu, ndipo tikucheza anadandaula kuti masana ana amadzaza mabenchi koma ambiri salipira, amangozembera. Tinagwirizana kuti mwana wobwera ndi khadi lobooledwa tsiku limenelo azilipira theka pa masewero a madzulo, ndipo iye azilemba masewero athu pabolodi lake, pamwamba pa a Chelsea. Ndikamadutsa pamsika n'kuona dzina la katimu kathu litalembedwa ndi choko pamenepo ndimamwetulira ndekha. Komabe ndisanamize munthu. Tsiku lomwe Arsenal ikukumana ndi Manchester United nthawi imodzi ndi ife, malo a ana amakhala ndi mipata, ndipo tinasiya kukwiya nazo. Kamnyamata ka jezi yofiira kaja sikanasiye Arsenal. Sitinakapemphe kuti kasankhe.

Kupatsa ana chochita

Mwana wongoonera amatopa msanga, makamaka mpira ukakhala wa ziro kwa ziro. Amene sankajomba, malinga ndi mabowo a pamakhadi, anali amene tinawapatsa ntchito. Otola mipira timasinthasintha sukulu ndi sukulu. Tinakhoma bolodi la zigoli ndipo ana awiri amasintha manambala. Gulu la ng'oma linalandira ana angapo, ndipo ndi iwo amene anapeka nyimbo zambiri zomwe zikuimbidwa pano, zina zoseketsa kuposa zotukwana zija.

Chachikulu pa zonse ndi mpira wa ana womwe umaseweredwa timu yaikulu isanalowe. Timagawa bwalo pakati, matimu a midzi, asanu ndi awiri mbali iliyonse, opanda nsapato onse kuti wosauka asachite manyazi. Mwezi woyamba tinkaseweretsa chikulunga chenicheni, cha majumbo ndi zingwe, chifukwa amsungichuma anakaniza mipira ya timu. Apa ndi pamene tinaona chinthu chomwe sitinachionepo: amayi akulipira pakhomo. Sankabwera kudzaona nambala 11 wathu, ankabwera kudzaona ana awo, koma akalowa sankatuluka. Ena anapempha malo ogulitsira mandasi, zitumbuwa ndi thobwa mkati mwa mpanda, ndipo amapereka kangachepe ku timu. Ndalama imeneyi, pamodzi ndi ya makolo olowa, ndi yomwe inatseka dzenje lomwe bambo wamalonda uja anasiya, ngakhale silinatsekeke lonse. Ndipo pamalo pomwe pakhala amayi a kumpingo ndi mabeseni awo, mwamuna amayamba waganiza asanatukwane. Zomwe komiti inalephera ndi malamulo, iwo anazichita ndi maso okha.

Atsikana anabweretsa mkangano wina womwe ndimachita nawo manyazi kuulemba. Aliyense amene wayendetsapo timu kuno akudziwa za zitsamba: osewera kukana kulowera pakhomo n'kudumpha mpanda, madzi owaza pagolo, ndi zina zotero. Mkulu wina wa komiti anaumirira kuti mwana wamkazi asagwire mpira wa masewero, ati mankhwala asuluka. Tinakangana mpaka ena kutuluka mumsonkhano. Mtsutsowu sindinaupambane ine. Mu Okutobala 2023 timu ya amayi ya dziko lino, Scorchers, inagonjetsa Zambia 2-1 n'kutenga chikho cha COSAFA ku South Africa, ndipo dzina la Temwa Chawinga linali pakamwa pa mwana aliyense. Chaka chotsatira Temwa yemweyo anamwetsa zigoli 20 mu ligi ya ku America ali ku Kansas City Current, mkulu wake Tabitha akusewera ku France. Ana a ku Rumphi amenewo. Mkulu uja sananene kuti wasintha maganizo, anangosiya kuitchula nkhaniyo. Pano atsikana amatola mipira ndipo ali ndi matimu awo pa mpira wa ana. Sizoni imeneyo tinapambana ndi kugonja monga mwa nthawi zonse.

Zomwe zinatikanika

M'bale wa mmodzi wa ife amene amakhala ku Britain anatiuza za Accrington Stanley, katimu ka m'tauni yaing'ono yopanikizika pakati pa Blackburn ndi Burnley, kufupi ndi zimphona za ku Manchester. Kumeneko chaka ndi chaka timuyo imagawa jezi zaulere kwa ana a kalasi imodzi ya pulayimale m'sukulu za m'dera lonselo, kuti jezi yoyamba ya mwana ikhale ya kwawo. Nzeruyi inatikomera. Tinayamba kusonkhanitsa ndalama zogulira malaya a mtundu wathu pakaunjika kuti tikadinditse dzina la timu. Tili mkati mosonkha, mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo ndalama yomwe tinali nayo inangokwana malaya ochepa. Tinalakwitsa pogawa ochepawo pagulu, ngati wandale pa bonanza. Ana anakanganirana, akuluakulu analanda ang'onoang'ono, ndipo ena mwa malayawo ndinawaona atavalidwa ndi abambo kumunda. Pano telala amatidulira timizere ta nsalu ya mitundu ya timu, tomanga kumutu kapena padzanja, ndipo mwana amalandira khadi lake likakwana mabowo asanu. N'zotchipa, ndipo popeza mwana wachita kukagwirira ntchito, sakataya.

Achinyamata a zaka za kusekondale ndi opitirira apo sitinawapeze bwino mpaka lero. Kulowa ulere sikuwakoka, ndipo safuna kukhala pamalo a ana. Tinatsegula tsamba pa Facebook koma linafa, chifukwa bandulo ndi yodula ndipo amene ankaliyendetsa ndine, munthu wolemba ngati kalata ya kuboma. Chomwe chinayenda pang'ono ndi gulu la pa WhatsApp, titalipereka kwa mnyamata wa Fomu 3 amene amajambula mawu ake akuulutsa mpira motsanzira a pawailesi. Mawu akewo amazungulira mpaka kwa anyamata a kwathu amene ali ku Joni, ndipo ena mwa iwo atumizako kangachepe pa foni. Koma ambiri a msinkhu umenewu mpira amauonera pa kapepala ka kubetcha. Munthu wina wa malo obetchera anabwera ndi yunifolomu yatsopano yoti matimu a ana azivala, dzina la bizinesi yake pachifuwa. Inali yokongola, ndipo ana athu ankasewera ena atavula malaya kuti asiyane ndi anzawo. Tinakana. Lamulo sililola mwana wosakwana zaka 18 kubetcha, ndipo sindikanatha kubwerera kwa amayi aja n'kukawafotokozera. A komiti ena mpaka pano amati tinataya mwayi.

Cholemera kwambiri ndasungira kuno. Tinayambitsa zoti osewera azipita kusukulu Lachisanu masana kukaphunzitsa ana mpira, ndipo ana anazikonda kwambiri. Sitinaike lamulo lililonse, tinangoti ndi anyamata athu, timawadziwa. Patapita miyezi, mphunzitsi wina wamkazi anatiuza kuti mmodzi wa osewera wayamba kudikirira mtsikana wa Sitandade 8 panjira ndi kumugulira zinthu. Anali womwetsa zigoli wathu wamkulu, ndipo tinali pa nkhondo yothawa kutuluka mu ligi. Panali mawu m'komiti oti timulangize mwakachetechete mpaka sizoni ithe. Awapampando, amene nthawi zambiri ndimawanena kuti ndi ozengereza, tsiku limenelo sanazengereze. Nkhaniyo inapita kwa aphunzitsi aakulu, kwa makolo a mwanayo ndi kwa oona za chitetezo cha ana m'dera lathu, ndipo wosewerayo anachotsedwa sabata yomweyo. Kuchokera apo palibe wamkulu wa timu amene amaloledwa kukhala yekha ndi mwana, kusukulu sitipita popanda mphunzitsi, ndipo mpira ukatha ana amatuluka m'magulu a midzi yawo kusanade, gulu lililonse ndi wamkulu wodziwika. Malamulo amenewa tinayenera kuwaika tsiku lomwe tinadinda khadi loyamba. Ine monga mlembi ndi amene ndinayenera kuwalemba, ndipo sindinatero.

Pa chifukwa chomwecho ana sitiwatenga pa maulendo a koyenda, ngakhale amalira pa lole ikamanyamuka. Ndaonapo mmene timakwerera pa lole imeneyo, ndi mmene timabwererera usiku.

Mmene zilili pano

Sizoni ija tinapulumuka pa masewero omaliza, opanda womwetsa zigoli wathu. Wezulo yomaliza italira ana anathyola chingwe n'kulowa m'bwalo, ndipo anyamata amene kale ankagwira zikoti anangoima n'kumaseka. Ndalama za pakhomo zasiya kutsika ndipo zakwerako pang'ono, koma amsungichuma akunena zoona akamati kukwerako kukumezedwa ndi mtengo wa mafuta. Chiwerengero cha ana chimatsika nthawi ya mayeso, nthawi ya zinamwali, ndi mvula ikayamba pomwe aliyense ali kumunda. Ana oyamba kulandira makhadi ena afika kusekondale, ndipo funso lomwe komiti sinagwirizanebe ndi loti ayambe liti kulipira, komanso zingati. Ine ndikuti theka mpaka amalize sukulu. Amsungichuma akuti ndevu zikamera, mtengo ndi umodzi. Awiri mwa ana a mpira wa chikulunga aja akuchita nawo zokonzekera ndi timu yaikulu, ndipo ndikudziwa kuti akakula bwino matimu a ku Lilongwe adzawatenga osatisiyira kanthu, chifukwa mapepala awo sitinawakonze. Imeneyo ndi ntchito ina yomwe ikundidikira.

Mumtengo wa mango muja ana akadalimo. Loweruka lapitali ndinapita pansi pake n'kufunsa chifukwa chomwe akukwererabe pomwe khomo ndi laulere, ndipo onse anandionetsa makhadi awo, obooledwa kale. Amalowa, kubooletsa, n'kutuluka kukakwera. Wina anakuwa ali kunsonga kuti, "Ankolo, kuno ndiye ku VIP!" Aphunzitsi aakulu atilembera kalata kuti nthambi yaikulu yoyang'ana kugolo yang'aluka, ndipo akufuna idulidwe mango asanayambe kupsa. Ndaiika nkhaniyi pa nambala 2 pa msonkhano wa Lachitatu, pambuyo pa ngongole ya laimu.